Tafunsani za Bizinesi: Ndikufuna kusintha app yodulira makasitomala a pamwezi

FUNSO

Achimwene, ndine mayi wa ku Lizulu kuno ku Ntcheu, ndimagulitsa ndiwo zamasamba pa intaneti. Ndimapikula kabichi, karoti, tomato, anyezi ndi kachewere kwa alimi a konkuno ndi a ku Tsangano, timalongedza m'madengu ndiye Lachisanu lililonse galimoto imakasiya ku Lilongwe, ku Area 47, Area 18 ndi kwina. Makasitomala anga amalipira pamwezi, ena pa khadi ya banki ena pa Airtel Money kapena Mpamba. Shopuyi anandipangira ndi mwana wa achimwene anga pa WooCommerce, pulogalamu yopangira shopu ya pa intaneti, anaikamo ka app kena kamene kamawerenga masiku n'kumadula anthu ndalama mwezi ukakwana. Vuto ndi loti app imeneyi timalipira mu madola chaka chilichonse ndiye ndi mmene forex ikusowera panopa yandikwana, komanso anthu a mobile money siwakumbutsa, ndimachita kuwaimbira mmodzimmodzi. Ndapeza ina yolipira mu makwacha. Mnyamata uja akuti tingochotsa yakaleyo n'kuika yatsopano basi, ntchito ya usiku umodzi. Koma ine mtima suli m'malo, makasitomala amenewa ndinawapeza movutikira. Ndipange bwanji kuti ndisataye anthu?

Mayi wa madengu, Lizulu

YANKHO

Achemwali, mtima wanuwo muumvere. Mnyamatayo sakunama, kuika app yatsopano ndi ntchito ya usiku umodzi mwinanso ola limodzi, koma kusamutsa anthu amene akulipira kale ndi nkhani ina ndipo ndi pamene ambiri amapsera. Ndiye app yakaleyo musaichotse kaye mpaka munthu womaliza atasamuka komanso atalipirako kamodzi kudzera mu yatsopanoyo. Zili ngati nyumba, simusasula denga la yakale yatsopano musanafolere. Za madola musade nazo nkhawa kwambiri, ma app ambiri otere, amene amatchedwa ma plugin a WordPress (pulogalamu imene WooCommerce imayenderapo), layisensi ikatha amapitiriza kugwira ntchito, chimene chimaima ndi ma update ndi thandizo lochokera kwa eni ake, ndiye mnyamatayo aone ngati yanuyo ili choncho. Ngati ili choncho muli ndi mpata wosamuka mosathamanga.

Tiyambe ndi anthu a makhadi chifukwa ndi amene ali ndi ntchito. Kasitomala wanu wa ku Area 47 atalemba nambala ya khadi yake tsiku loyamba lija, nambala imeneyo sinatsale mu shopu yanu ayi, ndipo mu app nayonso mulibe. Inapita ku kampani imene imakulandirirani ndalama, ija timati payment gateway. Makampani a makhadi monga Visa ndi Mastercard anagwirizana malamulo otchedwa PCI DSS amene amakhwimitsa kwambiri za amene angasunge nambala za makhadi, ndiye gateway ndi imene imasunga, shopu yanu imangopatsidwa ka nambala kena koimira khadiyo kotchedwa token. Mwezi ukakwana app imatumiza token ija ndi mtengo wa dengu, gateway n'kudula. Koma token imeneyi imagwira ntchito ku gateway yomweyo basi komanso pa akaunti yanu yomweyo, kwina kulikonse ndi zilembo zopanda ntchito.

Ndiye musanalipire ngakhale tambala kwa eni app yatsopano, afunseni kuti app yawo imagwira ndi gateway imene mukugwiritsa ntchito panopa? Akati eya, afunseninso ngati imatha kutenga ma token alipo kalewo, ndipo akuonetseni osati kungonena pakamwa. Zikatero makasitomala a makhadi sadziwa n'komwe kuti mwasintha. Akati ayi ife tili ndi gateway yathu, apo pali njira ziwiri. Ma gateway ena amalola kutumizirana makhadi okhaokha inu mukapempha polemba kalata, koma si onse amene amavomera ndipo zimatenga masabata. Njira inayo ndi yoti kasitomala aliyense alembenso khadi yake pa tsamba latsopano n'kuvomereza ndi ka OTP kaja kamabwera pa SMS kuchokera ku banki. Apa ndi pamene anthu amatsalira panjira, wina khadi inatha ntchito, wina ali bize akuti ndipanga madzulo mpaka mwezi kutha. Chonde chonde musadzauze munthu kuti ingonditumizirani nambala ya khadi pa WhatsApp ndikulembereni, ngakhale atapempha yekha mukane.

Funso lachiwiri lipite kwa mnyamata wanuyo, kalendala yodulira anthu ili kuti? Ma app ena masiku amawerengera mu shopu momwemo, ndiye ukazimitsa app kudula kumaimanso. Koma ena amangolembetsa munthu ku gateway kuti uyu muzimudula pa 28 paliponse, kenako gateway imayendetsa yokha osafunsanso shopu. Mtundu wachiwiriwu ndi woopsa chifukwa mutha kuchotsa app, mu shopu osaoneka kanthu, koma ku gateway munthu akudulidwabe, kwinaku yatsopano nayo yamudula. Munthu kudulidwa kawiri kumapeto kwa mwezi lendi ikumudikira, fizi ya ana ikumudikira, ngakhale mutabweza ndalamazo mawa lake, ambiri mwezi wotsatira amangoti dengu ndaimitsa kaye. Ndiye alowe mu akaunti ya gateway inu muli pompo muone limodzi ngati muli mndandanda wa anthu odulidwa mwezi ndi mwezi.

Pang'ono za mavidiyo a pa YouTube, chifukwa ndikudziwa anyamata amaphunzirira kumeneko. Ambiri mwa mavidiyo amenewo amakamba za ma gateway akunja otchedwa Stripe ndi Shopify Payments, ndipo zonse ziwirizi bizinesi yolembetsedwa ku Malawi kuno singatsegule akaunti. Ndiye zimene akuonetsa zoti ungodina batani makhadi onse asamuka ndi za anzathu a ku America ndi ku Ulaya. Kwathu kuno funso lofunika ndi loti amene azigwira ndalama za makasitomala anu ali ndi chilolezo cha Reserve Bank of Malawi kapena ayi, chifukwa pansi pa lamulo la Payment Systems Act la 2016 ndi banki imeneyi imene imayang'anira ntchito zoterezi. Afunseninso kuti amadula zingati pa malipiro aliwonse ndipo ndalama zimafika mu akaunti yanu pakapita masiku angati. Inu alimi a ku Tsangano mumawalipira pompopompo pamsika, ndalama ikamachedwa sabata yathunthu mpamba wopikulira muutenga kuti?

Anthu a Airtel Money ndi Mpamba ndi osavuta kusamutsa chifukwa palibe chimene chinasungidwa kwina. Nthawi zambiri pa mobile money ndalama situluka mwini foni asanalembe PIN yake, ndiye app yabwino chimene imachita ndi kutumiza chikumbutso kapena ka meseji kaja kamatulukira pa sikirini kopempha PIN. Muyese nokha pa foni ya mabatani muone ngati zikutheka, chifukwa ma app ena amangotumiza link yofuna bandulo ndi foni ya touch. Ndipo muone kuti munthu akaphonya chikumbutso choyamba, kaya foni inali yozima kaya netiweki kunalibe, imamukumbutsanso liti.

Tsopano musanakhudze chilichonse mnyamatayo apange backup ya shopu yonse, ndiko kuti aikopere yonse n'kuisunga padera, kenako atulutse mndandanda wa makasitomala mu fayilo ya CSV, fayilo ya mndandanda imene imatseguka mu Excel. Inu mutenge kope lanu la hadikava lija mumalembamo maoda, mukhale pansi mufananize munthu mmodzimmodzi, dzina, nambala, dengu lalikulu kapena laling'ono, mtengo umene amalipira, tsiku lodzalipiranso. Muyang'anitsitse anthu amene analipiriratu miyezi itatu, amene anaimitsa kaye poti ali ku ulendo, ndi amene munawachotserako mtengo chifukwa ndi akalekale. Amenewa ndi amene app yatsopano imawasokoneza, imangowaona ngati alendo n'kuwadula mtengo wathunthu tsiku lomwelo alowa. Chinanso, fayilo imeneyi mukaitsegula mu Excel imakonda kudya ziro woyamba wa nambala ya foni, 099 imasanduka 99, 088 imasanduka 88, ndiye mukaikweza choncho zikumbutso sizifika kwa munthu aliyense inu n'kumaganiza kuti anthu akukana kulipira. Funsani ngati app ikufuna nambala zoyamba ndi 0 kapena ndi +265, zonse zilembedwe mofanana.

Nthawi yabwino yosamutsa munthu ndi tsiku lotsatira atangolipira. Mwachitsanzo mayi amene amalipira pa 28, adulidwe ndi app yakale monga mwa nthawi zonse, pa 29 mumuimitse ku yakaleyo, mutsimikize kuti ku gateway nako waima, kenako mumulowetse ku yatsopano ndi tsiku lodzalipira pa 28 mwezi wa mawa. Mukatero muli ndi mwezi wathunthu wokonza chilichonse chimene chalakwika iye asanadulidwe. Munthu mmodzi asakhale wamoyo mu ma app onse awiri ngakhale usiku umodzi. Ndipo musasamutse onse tsiku limodzi. Yambani ndi inu nomwe, pangani kadengu koyeserera ka K500 mulipire ndi khadi yanu, ndi Airtel Money, ndi Mpamba, muone ngati lisiti ikubwera ndipo ndalama zafikadi. Kenako anthu ochepa amene mumagwirizana nawo oti zikavuta akuimbirani mwaulemu, ena onse pambuyo. Pokweza mndandanda mnyamatayo azimitse kaye ma meseji olandirira anthu atsopano, si bwino munthu amene wadya kabichi wanu zaka ziwiri alandire uthenga woti takulandirani.

Aonenso wotchi ya app. Ma app ambiri amawerengera nthawi ya UTC, nthawi imene dziko lonse limayesera mawotchi, imene ili kumbuyo kwa yathu ndi maola awiri, ndiye wotchi ikapanda kuikidwa bwino masiku amatha kusuntha, munthu wa pa 1 n'kuoneka ngati wa pa 31. Zikuoneka zazing'ono koma kwa munthu wodikira malipiro a kuntchito tsiku limodzi ndi lalikulu, akaunti ikhala ilibe kanthu malipiro n'kukanika.

Mtengo musakweze mwezi womwewo, ili ndi langizo langa ndipo ndikulitsindika. Ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44% mu November 2023 zinthu sizinakhazikike, mafuta a galimoto yopita ku Lilongwe, feteleza wa alimi, zonse zinakwera, ndipo mwina mukuona ngati uwu ndi mpata wokonzeratu zonse kamodzi. Koma munthu akaona tsamba lachilendo ndi mtengo wachilendo nthawi imodzi amaganiza kuti waberedwa. Samukani kaye, papite mwezi kapena iwiri, za mtengo mudzakambe pazokha.

Kuwauza anthu ndiye kofunika nzeru. Tonse tinalandirapo ma meseji aja oti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo anthu anachenjera, uthenga uliwonse woti lipirani malo atsopano amauyesa wa akuba. Sakulakwa. Ndiye musayambe ndi link pa WhatsApp. Lembani kapepala, muike pamwamba pa tomato mu dengu la Lachisanu, konena kuti kuyambira tsiku lakuti malipiro azidutsa mwakuti, dzina limene lizituluka pa foni polipira ndi lakuti, ndipo ife sitidzakufunsani PIN kapena nambala ya khadi. Adalaivala posiya dengu pageti anenenso pakamwa. Kenako inu mutumize voice note ndi mawu anu pa nambala yanu imene anaizolowera, link ibwere pomaliza. Amene akukayikabe muwalole mwezi umenewo alipire mmene amalipirira kale, dengu lawo lisaphonye.

Fayilo ya CSV ija ili ndi manambala ndi malo okhala anthu, isamayende mu ma gulupu kapena kutsala pa laputopu yobwereka. Tili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024 limene a MACRA akuliyang'anira, ndipo ngakhale bizinesi ndi yaing'ono zinsinsi za makasitomala zili m'manja mwanu. Onse akasamuka n'kulipira bwinobwino, lemberani eni app yakale afufute zimene anasunga, apo ndiye muichotse.

FUNSO LINA

Achimwene, ine ndili ku Bembeke ku Dedza, ndimapereka mathireyi a mazira kwa anthu a pa boma ndipo amalipira pamwezi pa webusaiti. App yakale ndinachotsa kale sabata yatha ndisanafunse munthu, pano makasitomala ena a makhadi akundiimbira kuti adulidwa kawiri. Ndiyambire pati?

Bambo wa mazira, Bembeke

YANKHO

Bambo, pepani. Lero lomwe lowani mu akaunti ya gateway, osati mu shopu, muimitse mndandanda wakale wa anthu odulidwa pamwezi, chifukwa ena amene tsiku lawo silinafike nawonso adulidwa kawiri mukachedwa. Ngati simukuuona imbirani a gateway akuimitsireni ndipo akutumizireni imelo yotsimikiza. Kenako musadikire kuti anthu adandaule, yang'anani malipiro onse kuyambira tsiku munachotsa app lija, aliyense amene akuoneka kawiri mumuimbire inu muyambe ndinu kunena. Kubweza ndalama pa khadi kumatenga masiku angapo kuti zioneke ku banki kwake, ndiye mumufunse asankhe yekha, kudikira za pa khadi, kulandira pa Airtel Money kapena Mpamba pompano, kapena kuti ziwerengedwe ngati walipiriratu mwezi wa mawa. Asankhe njira imodzi ndipo muilembe mu kope pamodzi ndi nambala ya transaction, kuopa kudzabweza kawiri. Amene wasankha za mwezi wa mawa musaiwale kusuntha tsiku lake mu app yatsopanoyo.