Malonda akwera koma m'thumba muli pululu: kodi ndibwereke ndigule makina osindikizira?

Funso: Zikomo alangizi. Ndili ndi kampani yaing'ono yofalitsa nkhani za ulimi m'chigawo chathu. Timatulutsa nyuzipepala ya alimi kamodzi pamwezi, ndipo tili ndi pulogalamu pawailesi. Chaka chino ndalama zochokera kwa otsatsa malonda zakwera ndi 30 peresenti, koma mwezi ukamatha ndimasowa cholipira antchito anayi ndi osindikiza. Otsatsa athu akuluakulu ndi makampani atatu ogulitsa mbewu, feteleza ndi mankhwala. Amachedwa kulipira koma ndi makasitomala okhulupirika. Mlamu wanga akuti tibwereke kubanki tigule makina athuathu osindikizira. Kodi ngongole ya zaka zingati ingandikomere?

Yankho: Bambo, za zaka za ngongolezo ndizisiya dala. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo diso langa lakodwa pa mawu akuti "amachedwa kulipira koma ndi okhulupirika". Okhulupirika kwa ndani? Mwanena nokha kuti malonda akwera, koma simunanene kuti ndalama zomwe zinalowadi mu akaunti ndi zingati. Ndikukayika ngati mukuzidziwa.

Tiyeni tiwerengere mwachisawawa. Tinene kuti mwezi uliwonse mumalemba ma invoisi (mapepala oitanitsa malipiro) a ndalama zokwana 100, ndipo 60 mwa ndalamazo ndi ya makampani atatuwo. Ngati amalipira patatha miyezi inayi, ndiye kuti tsiku lililonse dzuwa likamatuluka 240 yanu imakhala ili m'maofesi mwawo. Imeneyo ndi pafupifupi ndalama zonse zomwe kampani yanu imapanga m'miyezi iwiri ndi theka. Tsopano wonjezani 30 peresenti mukuinyadirayo: 240 ija yafika pa 312. Mapepala ochuluka, inki yochuluka, mphindi zambiri pawailesi, zonsezo mwalipira kale ndi kashi. Kukula kwa malonda ndi kumene kukukumba dzenjelo.

Ndiye taonani zomwe mukufuna kuchita. Inuyo mukukongoza makampani akuluakulu popanda chiwongoladzanja ngakhale pang'ono, kenako mupite kubanki mukabwereke pa chiwongoladzanja chenicheni kuti mutseke mpata womwe iwowo asiya. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Invoisi si fodya wa pamphuno, ndi kapepala chabe.

Apa ndiyamba kudandaula monga mwa chizolowezi changa, mundikhululukire. Pafupifupi aliyense wondilembera za vutoli ali ndi buku la zomwe wagulitsa, loyera bwino, koma alibe buku la omwe ali naye ngongole. Ukamufunsa kuti kampani yakutiyakuti inalipira liti komaliza, amayamba kufufuza mauthenga a pa WhatsApp. Malonda ena anagwirizana pakamwa ndi bwana wa zamalonda wa kampaniyo, yemwe pano anasiya ntchito. Ena anaikidwa m'nyuzipepala "kuti tsamba lisakhale lopanda kanthu", nkulembedwa ngati ogulitsidwa. Mukachotsa zoterezi, 30 peresenti yanu ikhoza kutsala 10.

Makina aja tsopano. Nyuzipepala ya pamwezi imasindikizidwa masiku awiri, mwina atatu. Masiku 27 otsalawo makina adzangokhala, koma banki idzafuna zake mwezi wathunthu, wokonza makina zake, woyendetsa makina zake. Mlamu wanuyo ndaganiza kale ntchito yomwe akudzikonzera, koma zimenezo ndi za pabanja panu. Kumbukiraninso kuti otsatsa mbewu ndi feteleza amathira ndalama nyengo yobzala ikamayandikira, kenako amazimiririka. Mvula ikavuta, bajeti yoyamba kudulidwa ndi yotsatsira malonda. Banki sidziwa chilala.

Musaganize kuti ili ndi vuto la ang'onoang'ono okha. Ku Australia kunali kampani ya Rural Press, mwini wa nyuzipepala za alimi monga The Land, yomwe inayamba kutuluka mu 1911, ndi Queensland Country Life. Mu 2007 inaphatikizana ndi kampani ina yofalitsa nkhani ya Fairfax pa mgwirizano wa madola a ku Australia oposa 2 biliyoni. Mu 2019 nthambi yonse ya nyuzipepala za m'zigawo ndi za ulimi, yokhala ndi nyuzipepala zoposa 100, inagulitsidwa pa madola pafupifupi 115 miliyoni okha. Chaka chotsatira eni ake atsopanowo anatseka ena mwa malo awo osindikizira. The Land ikutulukabe. Chomwe chinali ndi mtengo ndi dzina lomwe alimi amalikhulupirira, ndipo zitsulo ndi zomwe zinayamba kutayidwa. Inu mukufuna kugula zitsulozo ndi ngongole.

Sabata ino khalani pansi ndi pepala limodzi. Lembani wotsatsa aliyense, ndalama zomwe sanalipire, ndi masiku omwe adutsa chitumizireni invoisi. Amene wapyola masiku 90 asaonekenso m'nyuzipepala kapena kumveka pawailesi mpaka atalipira theka. Mudzachita mantha kuti athawa. Athawira kuti? Alimi a m'chigawo chanu amamvera inu, n'chifukwa chake makampaniwo anabwera. Nyengo ikubwerayi agulitseni phukusi la miyezi itatu, tsamba ndi wailesi pamodzi, theka alipiretu asanaone chilichonse, ndipo olipira zonse nthawi imodzi muwachotsereko 5 peresenti. Imeneyo ndi yotchipa kuposa chiwongoladzanja cha banki iliyonse yomwe ndimaidziwa. Fufuzaninso otsatsa ang'onoang'ono olipira pompopompo, ogulitsa anapiye, okonza mapampu, ogula zokolola, kuti atatu aja asamakugwireni pakhosi.

Pepala lija mukalimaliza mundilemberenso, ndipo mundiuze nambala imodzi yokha: pa 100 iliyonse yomwe munalemba chaka chino, yomwe inafika kubanki ndi ingati.