Northern Lights n'chogonetsadi? Yankho kwa mbale wa ku Joni

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mbale wathu amene amagwira ntchito yaulonda usiku ku Johannesburg. Dzina sinditchula. Akuti akaweruka 6 koloko m'mawa tulo sitibwera, amangotembenuka pabedi mpaka dzuwa lifike paliwombo, kunja ana akusewera ndipo mataxi akuimba mahutala. Mnzake wa kuntchito wamuuza kuti ayese chamba chotchedwa Northern Lights, ati ndi cha mtundu wa indica ndipo ukakoka kawiri umagwa ngati thumba la chimanga. Funso lake ndi ili: "Ine chamba ndimachidziwa kwathu ku Nkhotakota. Anyamata akasuta amalima munda wonse osapuma, kulongolola ngati wailesi. Nanga ichi chikhala chogonetsa bwanji? Ndi mbewu ina, kapena amathiramo mankhwala?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndiyambe ndi funso lomalizalo chifukwa ndi losavuta: chamba ichi sachita kuthiramo kanthu kuti chifoole. Ndi chomera chomwecho chimene mumachidziwa, kungoti makolo ake anakulira kwina.

Kwawo kwa makolo a Northern Lights ndi ku Afghanistan, dziko la mapiri a Hindu Kush. Kumeneko nyengo yolima ndi yaifupi, chisanu chimafika msanga ndipo sichichita chibwana. Chomera chochedwa kukhwima chimafa chisanabereke, choncho zimene zinatsala m'minda ndi zija zazifupi, zamasamba otambalala ngati chikhatho, zokhwima pakangotha masabata 7 kapena 8 chiyambire kuchita maluwa. Alimi a kumadera ngati Mazar-i-Sharif sankafuna masamba. Ankaumitsa chomeracho, n'kuchisefa pansalu monga amayi amasefera ufa, n'kutenga fumbi la utomoni lija kuliumba kukhala hashish. Mibadwomibadwo ankasunga mbewu ya chomera cha utomoni wambiri. Chathu cha kuno, chimene azungu amati Malawi Gold, chinakulira kotentha kopanda chisanu chopha mbewu. Chimatalika kuposa munthu, masamba ake ndi opyapyala ngati zala za mwana, ndipo maluwa ake amatenga miyezi 3 kapena 4 kuti akhwime. Mukukumbukira momwe amachikulungira m'makungwa ouma a nthochi n'kumanga ndi luzi mpaka chioneke ngati chitsononkho.

Mbewu ya ku Afghanistan inatuluka m'zikwama za achinyamata a ku America ndi ku Ulaya amene ankayenda pamtunda kupita ku India m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, njira imene inatsekeka asilikali a Soviet Union atalowa m'dzikolo mu 1979. Anthu olima mobisa m'nyumba anaikonda chifukwa yaifupi sigunda denga ndipo sichedwa. Northern Lights inabadwira m'manja mwa alimi oterowo kumpoto chakumadzulo kwa United States, cha ku Seattle. M'zaka za m'ma 1980 inafika ku Netherlands kwa Nevil Schoenmakers, mwini wa kampani yogulitsa mbewu ya The Seed Bank, imene pambuyo pake inalowa m'manja mwa kampani ina, Sensi Seeds. Panali mizere ingapo yodziwika ndi manambala, ina ya Afghanistan yeniyeni, ina yosakanizidwa ndi chamba cha ku Thailand, ndipo yotchuka koposa inali nambala 5.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Chamba chili ngati papaya, pali chachimuna ndi chachikazi, ndipo mbewu iliyonse imatenga kwa bambo ndi kwa mayi. Mukafuna chomera chofanana ndendende ndi kholo lake muyenera kudula nthambi n'kuibzala, monga tichitira ndi chinangwa. Mukabzala njere, ana amatuluka osiyanasiyana, ngati chimanga cha haibulidi chimene mwabwereza chaka chachiwiri: phesi lina lalitali, lina lopinimbira. Tsono ganizirani zaka 40 za anthu obereketsa mobisa, popanda ofesi yolembetsa mbewu, aliyense akulemba dzina limene likuyenda malonda. Chimene mnzanuyo akuchitcha Northern Lights chikhoza kukhala chidzukulu chenicheni cha nambala 5, chikhozanso kukhala chamba cha ku Eswatini chovala dzina lobwereka.

Ngakhale mawu oti indica ali ndi chipwirikiti chake. Mu 1753 katswiri wa zomera Carl Linnaeus anatcha chamba cha ku Ulaya, chija cholukira zingwe chosaledzeretsa, kuti Cannabis sativa. Mu 1785 katswiri wina, Jean-Baptiste Lamarck, anaona chamba choledzeretsa chochokera ku India, cha masamba opyapyala, n'kuchitcha Cannabis indica. Mu 1974 Richard Evans Schultes wa ku yunivesite ya Harvard anagwiritsa dzina lomwelo pofotokoza zomera zazifupi zimene anaziona ku Afghanistan, ndipo anthu osuta anatola tanthauzo lakelo. Ndiye onani zoseketsa: chamba cha ku Nkhotakota, chimene ogulitsa amachilemba kuti sativa, ndi mbale wa chija Lamarck anachitcha indica. Chinafika ku Africa kuchokera ku India kudzera m'malonda a panyanja, n'chifukwa chake Aswahili amati bangi, mawu ochokera ku bhang ya Amwenye.

Asayansi anayesa kuona ngati maina awiriwa ali ndi mutu. Mu 2015 gulu la ku Canada linayeza majini (tinthu timene chomera chimatengera kwa makolo ake) a mitundu 81 ya chamba choledzeretsa ndipo linapeza kuti dzina lapapaketi ndi majini zimangogwirizana pang'ono. Mu 2022 ena ku United States anaunika zotsatira za masampulo pafupifupi 90,000 a chamba chogulitsidwa mwalamulo, n'kupeza kuti mawu oti indica, sativa kapena haibulidi sakuuza munthu mankhwala amene ali mkatimo. Pafupifupi chonse chinali chodzaza THC, mankhwala amene amaledzeretsa m'chamba, kusiyana kwake kunali pa fungo.

Tiyeni tsono tilowe m'duwa lenilenilo. Mukaliyang'ana pagalasi lokuzira zinthu muona timinyanga tambirimbiri tonyezimira, kalikonse kali ndi kamutu kozungulira ngati kabowa kongophuka kumene. Mmenemo ndi mmene muli utomoni. Chomera sichipanga THC mwachindunji, chimapanga asidi wotchedwa THCA amene saledzeretsa, ndipo moto ndi umene umamusandutsa THC. Raphael Mechoulam ndi Yechiel Gaoni ndi amene anapatula THC n'kufotokoza kapangidwe kake ku Israel mu 1964. Patapita zaka kunadziwika kuti mu ubongo muli timalo tolandirira totchedwa CB1, ndipo mu 1992 anapeza kuti thupi limapanga lokha mankhwala olowa m'timalo timeneti, otchedwa anandamide. Ndiye THC ali ngati kiyi wokopedwa amene amatsegula chitseko cha eni ake n'kukana kutuluka msanga. Timaloti tachuluka m'mbali za ubongo zoona za kukumbukira, njala, mantha ndi kayendedwe ka thupi. N'chifukwa chake wosuta amaiwala chimene amanena, amaseseratu mphika, ndipo miyendo imalemera.

Chamba chakale cha ku Afghanistan chinkakhalanso ndi CBD wochulukirapo, mankhwala osaledzeretsa. Obereketsa a ku America ndi ku Netherlands ankasankha chomera chomenya kwambiri, ndipo CBD anatsala wochepa zedi, kawirikawiri osafika 1 peresenti. THC ndiye anakwera. Chamba cholimidwa m'nyumba masiku ano chimafika 15 mpaka 20 peresenti, china kupitirira, pamene chimene apolisi a ku America ankalanda cha m'ma 1995 chinali ndi pafupifupi 4 peresenti.

Nanga kugonetsako kukuchokera kuti? Ogulitsa amaloza mafuta onunkhira otchedwa terpene, makamaka myrcene. Mafutawa si achilendo kwa inu. Fikisani tsamba la udzu wa tiyi uja wonunkhira ngati ndimu, kapena nunkhizani mango a maboloma akapsa, myrcene ali mmenemo. Alinso mu hops amene amaika mu mowa wa m'mabotolo. Ndi zoona kuti chamba cholembedwa indica nthawi zambiri chimakhala ndi myrcene wochulukirapo; kafukufuku wa ku Dalhousie University wa mu 2021 anapeza zimenezo, ndipo ndi amene amachipatsa fungo lolemera ngati dothi lonyowa. Koma umboni woti myrcene amagonetsa unachokera kwenikweni pa mbewa zimene zinabayidwa mlingo waukulu kwambiri, woposa kutalitali umene munthu angaupeze mu ndudu imodzi. Pa intaneti mupeza lamulo loti chamba chikapitirira 0.5 peresenti ya myrcene ndiye kuti n'chogonetsa. Nambala imeneyi anthu amangokoperana, ilibe kafukufuku pansi pake. Chimodzimodzinso CBN, amene amapangika THC akakalamba ndi mpweya komanso kuwala. Amamugulitsa m'mabotolo ngati mankhwala a tulo, koma umboni wake pa anthu ndi wochepa.

Ine kuona kwanga, zinthu ziwiri ndi zimene zimagwetsa munthu pampando. Choyamba ndi kuchuluka kwa THC: pang'ono amasangalatsa ndi kulongololetsa, wambiri amafoola. Chachiwiri ndi chimene munthuyo akuyembekezera. Wauzidwa kuti ichi n'chogonetsa, wasuta ali pabedi atazimitsa magetsi, atatopa ndi maola 12 oimirira. Mnyamata wa ku Nkhotakota uja wasuta m'mawa khasu lili paphewa, anzake akuimba. Mafuta onunkhirawo akhoza kuthandizirapo, sindikutsutsa, koma asakunamizeni kuti nkhaniyi inatsimikizika.

Tibwere ku vuto lanu lenileni, tulo. Masiku oyamba chimagwiradi ntchito. THC amafupikitsa nthawi yodikira tulo ndipo amachepetsa gawo lija limene munthu amalota. Koma ubongo ukaona kuti kiyi wachilendo akubwera tsiku ndi tsiku umachepetsa timalo ta CB1, ndiye zokoka ziwiri zija zimasanduka ndudu yathunthu, kenako ziwiri. Tsiku limene mwasowa, tulo timathawiratu kuposa kale, mtima umapsa msanga, chakudya sichikoma, ndipo maloto aja munkawatsekereza amabwera onse pakamodzi, oopsa, oti mudzuke thukuta lili kamukamu. Zimenezi zimayamba pakapita tsiku limodzi kapena atatu, ndipo vuto la tulo limatha kukhala mwezi wathunthu. Ndi tulo ta katapila: lero mwalandira, pakutha pa mwezi mubweza ndi chiwongoladzanja. Mwa anthu 10 amene amayamba kusuta, pafupifupi mmodzi amakodwa osathanso kusiya, ndipo amene amasuta tsiku lililonse kuti agone ndi amene ali pafupi ndi msamphawo.

Pali zina ziwiri zimene sindingazibise. Chamba chimathamangitsa mtima kwa ola limodzi kapena kuposa, choncho ngati muli ndi BP kapena vuto la mtima, musayerekeze. China ndi misala. Kwathu timangoti "chamupengetsa chamba", ndipo si nthano chabe. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi Marta Di Forti, wofalitsidwa mu 2019, amene anachitika m'madera 11 a ku Ulaya ndi ku Brazil, anapeza kuti osuta tsiku lililonse anali ndi chiopsezo chodwala misala chochuluka katatu poyerekeza ndi osasuta, ndipo osuta tsiku lililonse chamba choposa 10 peresenti ya THC chiopsezo chinali pafupifupi kasanu. Northern Lights wa masiku ano ali m'gulu lachiwirilo. Ngati kubanja kwanu kuli wina amene anadwalapo misala, ndingakuuzeni mosapsatira kuti chitalikireni.

Mnzanuyo akadzabwera ndi keke kapena maswiti a chamba, chenjeraninso. Chosuta chimamveka pakangopita mphindi zochepa ndipo chimatha pakapita maola awiri kapena atatu. Chodya chimatha kukhala chete mpaka maola awiri, munthu n'kuganiza kuti anamunamiza n'kuwonjezera, pamene chiwindi chikusandutsa THC kukhala 11-hydroxy-THC amene amamenya kwambiri ndipo amakhalitsa. Mlonda amene wadya 8 koloko m'mawa akhoza kukafika pageti madzulo mutu usanayere.

Za malamulo mwachidule: ku South Africa khoti lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu akhoza kusuta payekha pamalo ake, koma kugula ndi kugulitsa n'koletsedwabe, ndipo abwana akhoza kukuchotsani ntchito ngati malamulo a pakampani amaletsa. THC amaoneka mumkodzo wa wosuta pafupipafupi kwa masabata angapo. Kuno kumudzi lamulo la mu 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo amene ali ndi chiphaso. Kusuta n'kolakwabe, choncho musadzaike kapaketi m'chikwama pokwera basi yodzera pa Mwanza.

Chimene chikukusowetsani tulo ndi dzuwa. Thupi lili ndi wotchi yake, ndipo kuwala kwa m'mawa kukalowa m'maso kumaletsa melatonin, mankhwala amene amauza thupi kuti kwada. Inu mumaweruka nthawi imene wotchiyo ikulira kuti dzukani. Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zotsika mtengo: magalasi akuda pobwerera kunyumba, bulangete lochindikala pawindo mpaka m'chipinda mukhale bii, zotseka m'makutu za ku famase, ndi kusiya khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu ikangokwana 1 koloko usiku, chifukwa theka la kafeini limakhala likadali m'magazi pakapita maola 5. Gonani nthawi imodzimodzi ngakhale tsiku la ofu. Zikakanika kwa masabata atatu pitani kukiliniki mukanene kuti mumagwira ntchito usiku, ndipo ngati alamu amadandaula kuti mumaliza mkonono n'kumabanika kutulo, mukanenenso zimenezo, chifukwa limenelo ndi vuto lina lokhala ndi chithandizo chake.

Mundilemberenso mukapachika bulangetelo. Mundiuzenso ngati kubanja kwanu kuli amene anadwalapo BP, chifukwa mu imelo ija simunatchule.