Mwana akadina linki, manotsi amasowa

Funso: Ndine mphunzitsi wa Biology pa sekondale ina ku Dedza. Ndimalemba manotsi mu Microsoft Word n'kuikamo malinki a zithunzi ndi mavidiyo, kenako ndimawasunga ngati tsamba la intaneti kuti ana aziwerenga pa makompyuta a pasukulu. Koma mwana akangodina linki, manotsi amachoka, vidiyo n'kulowa m'malo mwake, ndipo ambiri sabwereranso pamene analekezera. Kodi pali njira yoti linki izitsegukira pa windo lina, manotsi n'kutsala pomwepo?

Yankho: Aphunzitsi, njira ilipo, ndipo ili mu Word momwemo, kungoti batani lake anthu ambiri amangolidutsa. Ikani mbewa pa linkiyo, dinani batani lakumanja n'kusankha Edit Hyperlink. Ngati ndi linki yatsopano, dinani Ctrl ndi K pamodzi. Pa kabokosi kamene katuluke, yang'anani chakumanja, muona polembedwa Target Frame. Mukadina pamenepo sankhani New window, kenako OK. Koma musanadine OK, chongani pamene alemba Set as default for all hyperlinks kuti musamachite kubwereza pa linki iliyonse. Manotsi a chaka chonse amakhala ndi malinki ambirimbiri, ndipo nthawi yanu ndi yofunika pokonza phunziro.

Mukafuna kutsimikiza kuti zagwira, dinani Alt ndi F9. Linki idzaoneka mmene Word amailembera mkati, ndipo kumapeto kwa adiresi muyenera kupeza \t "_blank". Kachilembo kameneka ndi kamene kamauza Chrome kapena Firefox kuti atsegule kwina. Dinaninso Alt ndi F9 kuti zonse zibwerere mwakale. Ngati makompyuta ena ali ndi LibreOffice Writer, pulogalamu ina yolembera ngati Word, m'kabokosi ka linki muli malo olembedwa Frame, pamenepo sankhani _blank. Dziwaninso kuti masiku ano Chrome ndi Firefox nthawi zambiri amatsegula tab yatsopano, kutanthauza tsamba lina m'windo lomwelo, osati windo lathunthu, koma manotsi amatsalabe, ndiye cholinga chanu chakwanira.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchigwire bwino, chifukwa n'chimene chimakhumudwitsa anthu. Zonsezi zimagwira ntchito pokhapokha fayilo ikasungidwa ngati tsamba la intaneti, monga mmene mukuchitira inuyo. Ine ndimakonda kusankha Web Page, Filtered posunga, chifukwa fayilo imapepuka. Tsiku limene mudzasandutse manotsiwo kukhala PDF kuti muwatumize pa WhatsApp, musadzadalire _blank. Kawirikawiri imatayika, ndipo pulogalamu imene mwana akuwerengera ndi imene imasankha kotsegulira linki. Mwana wotsegula fayilo mu Word weniweni alibe vuto limeneli n'komwe, chifukwa linki imakatsegukira kunja, manotsi n'kukhala mu Word.

Choncho aphunzitseninso anawo kudzithandiza okha. Pa kompyuta, akagwira Ctrl n'kudina linki, imatsegukira pa tab ina. Akagwira Shift, imatsegula windo latsopano. Pa foni, akanikize chala pa linki kwa kanthawi mpaka patuluke mndandanda wosankha. Ndingakondwe mutalemba malangizo amenewa pamwamba pa manotsi, ndipo pa linki iliyonse muzilemba chimene chili kumeneko, monga "vidiyo ya mmene mtima umapopera magazi", kuti mwana wa bandulo yochepa adziwiretu asanadine.