Mafuta otsala pa chiwaya: kodi muli ndalama?

Mayi wina wa ku Mufakose, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, wanditumizira imelo. Amakazinga tchipisi pamsika, ndipo mafuta akada amangowakhuthulira m'ngalande. Wamva kuti ena akugulitsa mafuta otere, ndiye akufunsa ngati nayenso angapezepo kangachepe.

Mayi, ndalama ilipo, koma chiwaya chanu chokha sichingakudyetseni. Ogula mafutawa amakapangira sopo kapena biodiesel (dizilo wopangidwa kuchokera ku mafuta a zomera kapena a nyama), ndipo sangayatse galimoto kudzatenga botolo limodzi lokha. Amafuna zigubu zodzaza. Ndiye yendani kwa anzanu okazinga tchipisi, nkhuku ndi mandasi ku Mbare Musika, ku Machipisa ndi kwanu komweko, muwasiyire chigubu, muzikatenga Loweruka lililonse. M'makomo musataye nthawi. Tonse tikudziwa kuti kwathu mafuta satayidwa, amathera mu ndiwo.

Chimene chimagwetsa mtengo ndi madzi ndi zinyenyeswa. Mafuta akazizira, asefeni pansalu yoyera, muwasiye masiku angapo kuti zinyalala ndi madzi zikhazikike pansi, kenako mutsanule apamwamba okha. Chigubu chikhale chouma, chotseka bwino, pamthunzi. Oyilo wa galimoto asayandikire n'komwe, dontho lake limakanitsa chigubu chonse. Funsaninso ngati akugula pa lita kapena pa kilo, chifukwa mafuta ndi opepuka kuposa madzi: malita 20 amalemera pafupifupi makilogalamu 18. Mugwirizanenso msanga ngati akulipira madola a ku America kapena ZiG, ndalama ya Zimbabwe.

Ine ndikadakhala inu, ndikadayang'ana kwa opanga sopo. Fakitale ya biodiesel ya ku Mount Hampden, pafupi ndi Harare, inatsegulidwa mu 2007 ndi chikondwerero chachikulu, koma sinapite patali. Sopo wochapira ndiye amagulidwa tsiku ndi tsiku. Mungathenso kupanga nokha: kilo imodzi ya mafuta imafuna magalamu pafupifupi 135 a caustic soda. Valani magolovesi, tetezani maso, ndipo muzithira sodayo m'madzi, osati madzi mu soda.

Koma chenjerani ndi wogula wosanena kumene akupita nawo. Ena amangowasefa n'kukagulitsa m'timabotolo ngati ophikira, pomwe mafuta okazingira mobwerezabwereza ndi oipa m'thupi. Mufunseni chimene amapanga, akuonetseni ndi sopo wakeyo.

Za m'ngalande zija musiye lero. Mafuta amaundana m'mapaipi n'kuwatseka, ndipo zonyansa zikasefukira zimakathera ku Lake Chivero, komwe Harare imatunga madzi akumwa.