Kupempha Tchuthi cha Miyezi Inayi Kuti Mukayende M'maiko

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena amene agwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani imodzi kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Iwo asunga ndalama zokwanira ndipo akufuna kuchoka kwa miyezi inayi kuti akayende m'maiko a ku Ulaya ndi ku Asia, koma masiku awo a tchuthi cha pachaka ndi 20 okha. Mantha awo ndi akuti akangoitchula nkhaniyi, abwana awaona ngati munthu amene mtima wake unachoka kale pantchito. Anamaliza ndi kufunsa ngati si kwabwino kungonena kuti akukadwazika m'bale wawo.

Mayi, ndiyambire kumapetoko chifukwa ndi kosavuta: musaname. Miyezi inayi ndi yaitali moti chithunzi chimodzi chimene mnzanu wapaulendo angaike pa Facebook chidzaulula zonse, ndipo munthu amene wapatsidwa tchuthi mwachinyengo amakhala wapereka yekha chifukwa chomveka chomuchotsera ntchito. Kwa inu amene mumagwira mabuku a ndalama, kukhulupirika ndiye chuma chanu chonse.

Musanalowe mu ofesi ya abwana, dziwani kusiyana kwa chimene chili ufulu wanu ndi chimene mukungopempha. Tchuthi cha pachaka cholipidwa ndi ufulu m'maiko ambiri. Pangano nambala 132 la bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO, lomwe linakhazikitsidwa mu 1970, limati munthu amene wagwira ntchito chaka chathunthu apume masabata atatu kapena kuposerapo, ndipo maiko a m'bungwe la European Union amapereka masabata osachepera anayi, pamene ku United States kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza olemba ntchito kupereka tchuthi cholipidwa. Tchuthi chachitali chokayenda ndi nkhani ina. Maiko amene anachiika m'malamulo alipo koma si ambiri. Ku France, munthu amene wakhala miyezi 36 pa kampani imodzi komanso wagwirapo ntchito zaka zisanu ndi chimodzi m'moyo wake angathe kutenga tchuthi chosalipidwa cha miyezi 6 mpaka 11 n'kubwerera pa udindo wake kapena wofanana nawo, ngakhale kuti bwana ali ndi mpata wochikankhira kutsogolo. Ku New South Wales, m'dziko la Australia, munthu akakwanitsa zaka khumi kwa bwana mmodzi amapuma miyezi iwiri akulipidwa. Mwambo womwewu ulinso m'mayunivesite, kumene aphunzitsi amapatsidwa nyengo yopuma pakatha zaka zingapo, ndipo dzina lake lakuti sabbatical linachokera pa lamulo la pa Levitiko 25 lakuti nthaka izipumula chaka chachisanu ndi chiwiri. Kunja kwa malo oterewa, kuvomera kapena kukana kuli m'manja mwa abwana anu, kupatula ngati mgwirizano wanu wa ntchito kapena malamulo a kampani akunena mwina. Awerengeni bwino musanayankhule ndi munthu aliyense, pakuti makampani ena ali ndi ndondomeko ya tchuthi chosalipidwa imene antchito awo ambiri saidziwa chifukwa palibe amene anaifunsapo.

Mfundo imene ndikufuna kuti muigwiritsitse ndi iyi: pamene inu mukuganiza za ulendo, abwana anu akuganiza za mpando umene ukhale wopanda munthu. Anthu ambiri amalakwitsa pothera nthawi yonse kufotokoza mmene atopera kapena mmene akhala akulotera ulendowu kuyambira ali ana, kwinaku womvetserayo akuwerengera mumtima kuti malipiro a antchito adzakonza ndani pakutha pa mwezi, nanga oyendera mabuku a ndalama akadzabwera adzawayankha ndani. Choncho mupite ndi mayankho a mafunso amenewo olembedwa pa tsamba limodzi. Lembani ntchito zonse zimene mumagwira, zimene zingadikire kufikira mutabwera, zimene mnzanu angazitenge mutamuphunzitsa, ndi zimene zikufunika munthu woganyula wa kanthawi. Kumbukiraninso kuti ngati tchuthicho n'chosalipidwa, malipiro anu a miyezi imeneyo atsala m'thumba la kampani, ndipo ndalama zomwezo zingalipire munthu wogwirizira mpando wanu. Mfundo imeneyi muitchule nokha mwaulemu, chifukwa nthawi zambiri ndi imene imafewetsa mtima wa bwana.

Nthawi yoperekera pempho ndi nthawi yochokera zonse n'zofunika. Ine ndingakulangizeni kupempha kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musasankhe kuchoka pamene chaka cha zachuma chikutsekedwa kapena pamene misonkho ikukonzedwa, chifukwa pamenepo ngakhale bwana wachifundo chotani adzakana. Yambani ndi munthu amene amakuyang'anirani mwachindunji, pamaso m'pamaso, kalata ibwere pambuyo. Akamva nkhaniyi kuchokera ku ofesi yoona za antchito kapena kwa anzanu a pa tebulo loyandikana nalo, adzaona ngati mwamudumpha, ndipo adzayamba kufunafuna zifukwa zokanira. Musagulenso matikiti musanayankhidwe, popeza tikiti yogulidwa kale imasandutsa pempho kukhala chidziwitso chabe.

Pa za masiku, pitani ndi tsiku lenileni lonyamuka ndi lobwerera, osati kungoti pafupifupi miyezi inayi. Popeza mwatchula Ulaya, dziwani kuti mlendo wokaona malo m'maiko a m'chigawo cha Schengen, lomwe ndi gulu la maiko ambiri a ku Ulaya amene anatsegulirana malire, amaloledwa kukhala masiku 90 okha pa masiku 180 alionse, ndipo masikuwo amawerengedwa pamodzi ngakhale mutachoka ku Italy kupita ku Spain. Konzani ulendo wanu motsatira malire amenewa musanatchule masiku kwa abwana, kuti musadzabwererenso kukasintha zimene munagwirizana. Khalaninso ndi pempho lachiwiri m'thumba. Ngati miyezi inayi yakanika, masiku anu 20 ali kale pafupifupi mwezi wathunthu, ndipo mukawonjezera miyezi iwiri yosalipidwa mwapeza miyezi itatu, imene kwa abwana imamveka yopepuka kwambiri.

Pali chinthu china chimene ndimachenjeza anthu, ndicho kulonjeza kuti azidzayankha maimelo ali paulendo. Lonjezo limeneli limakoma pakamwa pofuna kuti akuvomereni, koma mapeto ake mumagwira ntchito yaulere muli kutali, komanso maiko ambiri salola munthu wolowa ndi chiphaso cha mlendo kuti azigwira ntchito. Ndi bwino kusiya zonse zolongosoka, n'kuvomera kuti akuimbireni pokhapokha pagwa vuto lalikulu.

Akakuvomerani, musakhutire ndi mawu apakamwa, ngakhale abwanawo muzigwirizana nawo chotani, chifukwa m'miyezi inayi angathe kusamutsidwa kapena kusiya ntchito, ndipo wolowa m'malo mwawo sadzadziwa zimene munakambirana. Kalatayo inene tsiku lobwerera, udindo ndi malipiro amene mudzabwererepo, ndiponso ngati miyezi imeneyi idzawerengedwa pa zaka zimene mwagwira ntchito. Walira mvula walira matope: tchuthi chosalipidwa nthawi zambiri chimaimitsa ndalama zopita ku penshoni, chingaimitse thandizo la chipatala limene kampani imakulipirirani, ndipo ngati muli ndi ngongole imene amadula pa malipiro, muyenera kukonza nokha njira yobwezera. Funsaninso mosabisa chimene chidzachitike ngati kampani itachepetsa antchito inu muli kutali, pakuti tchuthi sichiteteza munthu ku zimenezo.

Tsono za mantha anu aja. Ndi zoona kuti alipo mabwana amene amakhumudwa ndi pempho lotere, koma munthu amene akufuna kusiya ntchito sataya nthawi kukonza ndondomeko ya mmene adzabwererere, ndipo bwana wozindikira amadziwa kuti kupeza ndi kuphunzitsa munthu watsopano wodziwa zimene inu mwaphunzira m'zaka zisanu ndi chimodzi kungamutengere nthawi yoposa miyezi inayiyo. Komabe muyenera kudziyankha nokha musanagogode pachitseko kuti mudzatani akakana. Ngati mukudziwa kuti simungasiye ntchito, musaopseze kuti musiya, chifukwa akhoza kukuyankhani kuti zikomo, lembani kalata. Mukakanidwa, funsani modekha ngati vuto ndi kutalika kwa tchuthicho kapena nyengo imene mwasankha, ndipo mupemphe kuti mudzakambiranenso pa mwezi umene iwo eni angautchule.