Kodi Honda CG125 ya malemu bambo anu ingadzukenso?

Owerenga wina wa ku Mchinji wandilembera pa imelo za njinga yamoto imene malemu bambo ake anasiya. Ndi Honda CG125 yakale, ya magetsi a mavoti 6, ndipo yakhala zaka zambiri m'chigafa cha fodya osalira. Abale ena akuti igulitsidwe kwa ogula zitsulo zakutha, koma iye akufuna kudziwa ngati ingakonzeke, poyambira pake, ndiponso ngati zipangizo za ku China zimene zili mbwee m'misika zingalowe pa njingayo.

Achimwene, musaigulitse. Pa njinga zazing'ono zonse za nthawi imeneyo, iyi ndi imene ndingalimbikitse munthu kuikonza popanda kukayika. Kampani ya Honda inatulutsa CG125 m'chaka cha 1975, itaona kuti m'maiko osauka njinga zake zinkawonongeka msanga chifukwa eni ake ankachedwa kusintha oyilo, ankazisenzetsa katundu wolemera, ndiponso ankayenda nazo m'misewu yafumbi. N'chifukwa chake pa injini iyi, ya silinda imodzi ya 124 cc, camshaft (chitsulo chozungulira chimene chimayendetsa mavavu) anaiika pansi, kumene oyilo sasowa, ndipo imatsegula mavavu kudzera m'timitengo tiwiri tachitsulo. Sefa ya mpweya anaipanga ya siponji yoti munthu achape n'kubwezeretsa. Njingayi inayamba kupangidwanso ku Brazil mu 1976, ndipo ku Pakistan ikupangidwabe mpaka lero.

Musanawononge ndalama iliyonse, funani bulubuku ndipo muone ngati manambala a fulemu ndi a injini akufanana ndi amene analembedwamo. Musanapite kukasintha umwini ku ofesi ya Road Traffic, kambiranani kaye ndi abale anuwo.

Tsopano za injini. Chinthu choyamba chimene munthu amalakalaka ndi kuponda kiki kuti amve ngati ilira, koma ugwireni mtima, chifukwa maring'i a pisitoni amene akhala zaka osayenda amamatirira ku silinda ndipo amathyoka akakakamizidwa. Masulani pulagi, thirani oyilo pang'ono pabowopo, ndipo muisiye masiku angapo. Kenako kankhani kiki ndi dzanja pang'onopang'ono. Ikayenda, ndipo mukatseka bowo la pulagi ndi chala n'kumva mpweya ukuchikankha, dziwani kuti injiniyo ikadali yamoyo. Ikakana, onjezerani oyilo n'kudikiranso; musaimenye ndi hamala. Mukakhutula oyilo wakale, mumuyang'anitsitse padzuwa kuti muone ngati muli madzi kapena tizidutswa tachitsulo. Injini iyi ilibe fyuluta ya pepala. Ili ndi kasefa ka waya kuseri kwa chitsekero chake chakumanzere, ndiponso kambale kozungulira kumanja, pafupi ndi kilatchi, kamene kamasonkhanitsa zinyalala, ndipo ambiri sakatsuka chifukwa sadziwa n'komwe kuti kalipo. Oyilo amalowa pafupifupi lita imodzi, ndipo mugule wa njinga zamoto, popeza kilatchi yake imakhala m'oyilo momwemo ndipo oyilo wina wa galimoto amaichititsa kuterereka.

Thanki ndi kabuleta ndi zimene zidzakudyereni nthawi. Petulo wa kuno ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanolo wochokera ku nzimbe kuyambira m'chaka cha 1982, ndipo ethanolo amakoka chinyezi, motero thanki imene yakhala ndi petulo wotsalira imachita dzimbiri pansi. Ikani timanati tambiri ndi palafini m'thankimo, ikhutchumuleni mwamphamvu, tsukani mobwerezabwereza mpaka palafini atuluke woyera, ndipo muike kafyuluta papaipi yopita ku kabuleta. Kabuleta muimasule patebulo loyala nsalu yoyera, chifukwa tizipangizo take n'tating'ono kwambiri moti kamodzi kakagwa m'fumbi simungakaonenso. Mabowo a majeti, timene ndi tizitsulo todutsamo petulo m'kabuleta, muwatsegule ndi mpweya wa pampu, osati ndi singano, poti bowo likakula njinga imayamba kumwa petulo mopyola muyeso. Mapointi (tizitsulo tiwiri togundana timene timachititsa pulagi kuthetheka moto) atseguke pakati pa 0.3 ndi 0.4 mm, mavavu akhale ndi mpata wa 0.08 mm injini ili yozizira, ndipo pulagi ndi batire zikhale zatsopano.

Chimene ndikufuna muchigwiritsitse ndi ichi: musalole makaniko aphwasule injini musanaimve ikulira. Njinga zambiri zakale zathera m'makatoni ndi m'matumba chifukwa wina anaziphwasula tsiku loyamba, ndalama n'kutha, zipangizo n'kumwazikana. Ilire kaye, itenthe, muimvetsere. Ngati utsi wabuluu sukutha, pamenepo mpamene mungaganize za maring'i kapena kuboola silinda kuti mulowe pisitoni yokulirapo.

Ine ndinaphunzira kuyendetsa pa CG125 ya malume anga, amene anali mlangizi wa zaulimi ku Zomba, ndipo ndikukumbukirabe ulendo wokwera phiri kupita ku Ku Chawe m'mawa wa mwezi wa Juni, manja atauma ndi chisanu. Pamakona okhotakhota aja ndinkakhala pa giya yachiwiri, injini ikugunda mosathamanga pansi pa mawondo anga, mavavu akulira kuti tiki tiki ngati makina osokera, fungo la paini likusakanikirana ndi la oyilo wotentha. Siinali njinga ya liwiro. Pamsewu wosalala inkavutika kupitirira makilomita 100 pa ola. Koma potsika, pamene mabuleki ake a dilamu ankatentha n'kuyamba kufooka, ndinaphunzira kuchepetsa liwiro ndi magiya, ndipo luso limenelo landithandiza pa chilichonse chimene ndayendetsa kuchokera nthawi imeneyo. Ndikhulupirira kuti nanunso muli ndi zokumbukira zotere, mwina muli pambuyo mutagwira jekete la bambo anu.

Za zipangizo za ku China, mwayi ulipo, chifukwa njinga zambiri za kabaza zili ndi injini zotengera CG imeneyi. Magasiketi, makebulo, mapuleti a kilatchi, tcheni ndi masipuroketi nthawi zambiri zimalowa, bola munyamule chakalecho popita kusitolo kuti mukayerekeze. Chenjerani pa zinthu ziwiri. Njinga zambiri za kabaza ndi za 150 cc, ndipo pisitoni yake ndi ya 62 mm pamene yanu ndi ya 56.5 mm. Komanso magetsi ake ndi a mavoti 12 oyendera CDI (kabokosi kamagetsi kamene kamagwira ntchito m'malo mwa mapointi), choncho koyilo, mababu ndi batire zake sizingagwirizane ndi waya wa njinga yanu pokhapokha mutasintha dongosolo lonse. Kabuleta yoyambirira ya kampani ya Keihin musaitaye ngakhale wina atakuuzani kuti yatsopano ndi yotchipa; yakale yotsukidwa bwino imaposa zambiri za m'sitolo.

Matayala ndi machubu musinthe ngakhale akuoneka ngati sanathe, pakuti labala yakale imauma n'kung'ambika mwadzidzidzi. Mashuzi a mabuleki nawonso asinthidwe, chifukwa guluu wake akakalamba chikopa chogwira dilamu chimatha kumatuka n'kumanga wilo muli paulendo. Penti ndiye ndingakonde muisiye momwe ilili, mungoitsuka ndi kuipukuta, popeza penti ya fakitale ikangophimbidwa sibwereranso, ndipo ndalama zake zingagwire ntchito yabwino pa masipoko ndi mabering'i.

Ngati mudzaikamo maring'i atsopano, makilomita 500 oyambirira muyende mosathamanga, musanyamule munthu kapena matumba a chimanga, ndipo mukatero musinthe oyilo ndi kuonanso mpata wa mavavu. Inshuwalansi ndi helemeti zikhale zokonzeka musanatulukire nayo pamsewu wa Lilongwe. Mukadzatsegula kambale ka zinyalala kaja, mundilemberenso kuti ndimve zimene mwapezamo, chifukwa zidzatiuza ngati mabering'i a mkati akufunika kusinthidwa.