Mzinga wa pa Mangochi unachokera pa sitima yanji?

Bambo wina wandilembera imelo kuti mzinga uli pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria ku Mangochi unachokera kuti, nanga unaomberapo munthu. Zikomo bambo. Unali pa Gwendolen, sitima ya boma la atsamunda yomwe zitsulo zake zinachokera ku Britain, n'kuzilumikiza ku Fort Johnston, Mangochi wa lero. Inayamba kuyenda panyanja mu 1899.

Britain italowa nkhondo yoyamba ya dziko lonse pa 4 Ogasiti 1914, kaputeni wa Gwendolen, Edmund Rhoades, anatumidwa kukasaka Hermann von Wissmann, sitima ya Ajeremani. Pakati pa mwezi womwewo anaipeza itakwezedwa kumtunda ku Sphinxhaven, komwe tsopano ndi Liuli ku Tanzania, akuikonza. Anaiombera n'kuilumaza. Kaputeni wa Wissmann, Berndt, mnzake wa Rhoades womwa naye mowa, anali asanamve zoti kunja kwavuta, choncho anapalasa bwato kudzafunsa ngati Rhoades waledzera. Rhoades anamugwira pomwepo. Mu Meyi 1915 Angelezi anabwereranso ku Sphinxhaven kukaimaliza sitimayo.

Nkhani ya Berndt ndi imene anthu amakonda kufotokoza, koma ine imandiwawa kuti ambiri amathera pamenepo. Wissmann itachoka panjira, nyanja yonse inakhala m'manja mwa Angelezi. Asilikali a King's African Rifles anatha kupita kumpoto pamadzi, ndipo pa 9 Seputembala 1914 anabweza Ajeremani ku Karonga. Kuyambira 1916, pomwe Jenerale Northey wa Angelezi analowa m'dziko lomwe Ajeremani ankalamulira, Tanzania wa lero, nyanja ndiyo inali msewu wake waukulu. Gwendolen ndi sitima zina zinkanyamula chakudya, zipolopolo ndi anthu kuchoka kumwera kupita kumpoto.

Sitima imathera padoko. Kuchoka apo, katundu yense ankakwera mapiri pamitu pa amtengatenga, agogo athu, ambiri atatengedwa m'midzi mokakamiza kudzera mwa mafumu. Ochuluka anafa ndi njala, kamwazi ndi kuzizira m'nkhondo yomwe akuluakulu ankaitcha ya Chiwaya. Mukamawerenga za ntchito ya Gwendolen, anthu amenewa musawasiye kunja.

Wissmann inadzakonzedwa ndi Angelezi, n'kuipatsa dzina latsopano loti King George. Mukafuna kuona mmene chipinda choyendetsera Gwendolen chinkaonekera, lowani mu Lake Malawi Museum komweko ku Mangochi, anachimanganso mofanizira.